Wopanda Mapapo

Fili koloko usiku ku Hull,
kuseri kwa nyumba yosamalira okalamba
kumene timatayira matewera ndi makatoni a mkaka.
Mphepo ya ku mtsinje wa Humber ikuluma makutu.
Dzanja lalowa kale lokha m'thumba la jekete
kukafuna chimene mulibe.
Lero ndi tsiku la khumi ndi chinayi.

Latuluka ndi foni.

Sungeni ndiye anandiikiramo kanthuka
atandipeza ndikutsokomola m'bafa, mpopi ndili wotsegula
kuti asamve.
"Adadi, muzicheza nako. Sikagona, sikatopa."
Ndinaseka. Ine, imvi mbuu,
kumakadandaulira kagalasi?

Koma ndi ine pano, chala chili njenjenje:
Ndikufuna imodzi. Imodzi yokha basi.

Kakuyankha mwaulemu, ngati namwino watsopano pantchito:
"Ndamva. Chibaba chimakwera, kenako chimatsika.
Tidikire limodzi mphindi zisanu.
Mukuona chiyani pamene mulipo?"

Ndikuona bini yachikasu.
Nkhandwe yowonda ikununkhiza thumba la zinyalala, siikundiopa.
Ndikuona zenera la chipinda cha nambala seveni
mmene bambo Pickersgill akupumira m'kapaipi,
munthu amene anakalambira pa sitima za nsomba.
Dzulo pomusintha malaya anandikoka mkono,
nandinong'oneza, maso ali psuu:
"Mnyamata, ulibeko kamodzi?"

Mkwiyo wandikwera, sindikudziwa kuti wachokera kuti.
Ndikulemba: Iwe ulibe mapapo.
Sunaimepo pachisanu, sunaikepo munthu m'manda patelefoni.
Ukudziwa chiyani za fodya?

"Zoona, ndilibe. Sindinasutepo.
Ndiuzeni inuyo."

Ndiye ndikukauza, zilembo zikuphonyana.
Za munda wa bambo anga ku Mponela,
za chigafa chimene tinkagonamo kulondera mbava,
manja akuda bii ndi phula la masamba,
singano yosokera, mikangala yolemera,
mabelo asanu ndi limodzi pa lole ya ku Kanengo
ndi ife kudikira masabata atatu, khutu lili pa wailesi.
Fizi yanga inatuluka m'masamba amenewo.
Nsapato yanga yoyamba. Ngakhale pasipoti iyi,
ukainunkhiza bwino.
Chingambwe choyamba ndinachikulunga
m'pepala la kope la masamu.
Tsono kusiya, iwe, kuli ngati kudutsa bambo anga panjira
osawapatsa moni.

Timadontho titatu tikuvina pagalasi.
Taima. Tayambanso.

"Bambo anuwo ankasuta?"

Nkhandwe yapita.
Kutali galimoto ya ambulansi ikulira kulowera ku tauni.

Ayi.
Sanaikepo pakamwa ndi tsiku limodzi lomwe.
Ankati uyu ngwogulitsa, mwanawe, si ndiwo.
Atandigwira kuseri kwa chigafa sanandimenye,
anangondiyang'ana, natola khasu, napita.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikuiwala dala.

Sindikulemba zimenezi. Ndangogwira foni.
Mpweya wanga ukutuluka woyera m'chisanu,
utsi waulere, wosanunkha.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinagwa,
ndinapempha ndudu kwa Marek wa kukhitchini,
ndipo m'mawa ndinakaulula ngati kwa ansembe.
Sikanandikalipire. Kanangofunsa kuti inali nthawi yanji,
ndinali nditadya kapena ayi.
Mwina n'chifukwa chake ndimakakhulupirira pang'ono,
mwinanso n'chifukwa chake ndimakakayikira:
munthu weniweni akanapsa mtima.

"Mphindi zisanu zakwana. Kuli bwanji?"

Chikadalipo, ndikulemba. Koma chakhala pansi.

Belu likulira m'kati, nambala seveni.
Ndikubweza foni m'thumba muja munkakhala paketi,
ndikusamba m'manja mwachizolowezi,
ngakhale palibe fungo loti ndibise.
Bambo Pickersgill akufuna kutembenuzidwa.
Ndikuwanyamula pang'onopang'ono, chifuwa chawo pa changa,
ndikumva mluzu uja m'nthiti zawo,
ndipo sindikudziwa ngati wonsewo ndi wawo.